Mbalame Yoimba, Ula ndi Tekitivi: Mbiri ya Nthano Zofufuza Imfa ndi Zimene Owerenga Amafuna

 Lero ndati tichezeko za mtundu wina wa mabuku umene ena mwa inu mwaukonda chiyambireni kuwerengera pa foni. Ndi nthano zazitali zotuluka motsatizana, buku loyamba, lachiwiri, mpaka la 20, mpangankhani wamkulu ali yemweyo. Kawirikawiri amakhala mayi wa m'kamudzi kakang'ono, wogulitsa makeke kapena woyang'anira laibulale, amene amati kukachitika imfa yodabwitsa kapena kukasowa chinthu, iye n'kuyamba kufunsafunsa mpaka choona chitaululika. Magazi saoneka kwenikweni, zotukwana mulibe, ndipo m'mabuku ena mayiyo amathandizidwa ndi mzimu wa munthu amene anamwalira kale. Azungu amati cozy mystery, kutanthauza nthano ya chinsinsi yoti munthu awerenge mtima uli m'malo, tiyi ali pambali, osaopa kugona yekha usiku.

Funso limene ophunzira anga akale amabwera nalo ndi lakuti: nanga bwanji mabuku oterewa sanazike mizu m'Chichewa, chonsecho nkhani za mizimu, mizukwa ndi ufiti kwathu kuno n'zosasowa? Yankho lake lili m'mbiri. Tiyeni tione kumene nthano zimenezi zinachokera, zimene owerenga akhala akunena za izo, ndi mmene ife tayendera ndi funso lakale lija lakuti: wachita zimenezi ndani?

Kumene zinayambira

Ambiri amati nthano ya tekitivi inayamba mu 1841 pamene Edgar Allan Poe wa ku America analemba The Murders in the Rue Morgue. M'nkhaniyo amayi awiri aphedwa m'chipinda chokhoma ku Paris, ndipo aliyense akudabwa kuti wakuphayo analowera pati. Pomaliza zipezeka kuti inali nyama ya mtundu wa anyani imene inathawa kwa mwini wake. Taonani kuti kungoyambira pachiyambi, nthano imeneyi imayamba ndi chinthu chooneka ngati chamatsenga, n'kuthera pa chifukwa chogwirika.

Mu 1887 dokotala wina wa ku Scotland, Arthur Conan Doyle, anatulutsa Sherlock Holmes. Anthu anamukonda Holmes kuposa mmene mlembi wake ankamukondera. Doyle atatopa naye, mu 1893 anamupha pomugwetsera pa mathithi a Reichenbach ku Switzerland. Owerenga anakwiya, makalata odandaula anachuluka, ndipo kwa zaka zingapo sanaleke kupempha kuti munthu wawo abwerere. Mu 1901 ndi 1902 Doyle anatulutsa The Hound of the Baskervilles, nkhani ya galu wamkulu woyaka moto amene anthu a m'deralo ankati ndi temberero la pabanja. Holmes anapeza kuti ndi galu wamba wopakidwa mankhwala owala mumdima, ndipo mwini wake anali wachibale wofuna chuma chamasiye. Mu 1903 Doyle anachita kufotokoza kuti Holmes sanafe pa mathithi paja. Phunziro loyamba ndi limeneli: m'mabuku otsatizana, owerenga ali ndi mphamvu yoti akhoza kuukitsa ngakhale wakufa.

Mu 1929 wansembe wa Chikatolika wa ku England, Ronald Knox, amenenso ankalemba nthano za atekitivi, anandandalika malamulo 10 a kalembedwe kake. Limodzi mwa malamulowo linaletseratu mizimu ndi zamatsenga. Maganizo ake anali akuti nthano yotere ndi masewera pakati pa mlembi ndi wowerenga, ndipo onse awiri aziona umboni wofanana. Mzimu ukangobwera n'kutchula dzina la wakupha, masewera atha, wowerenga waberedwa. Chaka chotsatira, mu 1930, Agatha Christie anatulutsa The Murder at the Vicarage, nthano yaitali yoyamba ya Miss Marple, gogo wosakwatiwa wa m'mudzi wa St Mary Mead, wokonda kuluka ndi kumvetsera miseche. Apolisi ankamuyesa nkhalamba yamphekesera, koma iye ankadziwa mitima ya anthu chifukwa chokhala nawo zaka zambiri. Nthano zazitali za gogo ameneyu zinakwana 12, yomaliza inatuluka mu 1976. Gogoyu mumukumbukire, tibwererakonso.

Lamulo la Knox silinakhalitse chifukwa owerenga ena ankaifuna mizimuyo. Mu 1992 Nancy Atherton anayamba mabuku a Aunt Dimity, mzimu wa mayi wachifundo umene umacheza ndi Lori Shepherd polemba mawu m'kabuku ka mtundu wa buluu. Mabukuwa apitirira 20, ndipo m'ambiri mwa iwo mulibe ndi kuphana komwe. Okonda mabukuwa amati amawapatsa mpumulo, pamene ena amadandaula kuti nkhani zake n'zozizira ndiponso zobwerezabwereza. Charlaine Harris naye analemba mabuku 13 a Sookie Stackhouse, mtsikana woperekera zakudya ku Louisiana amene amamva zimene anthu akuganiza, kuyambira 2001 mpaka 2013. Buku lomaliza litatuluka, owerenga ambiri anapsa mtima chifukwa Sookie sanathere ndi mwamuna amene iwo ankamufuna, ena mpaka anatumizira mlembiyo mawu omuopseza. Zaka 120 zinali zitadutsa chifereni Holmes pa mathithi, koma khalidwe la owerenga linali lomwe lija.

Anzathu a mu Africa

Amene anasonyeza kuti tekitivi akhoza kulankhula chilankhulo cha Chibantu ndi Muhammed Said Abdulla wa ku Zanzibar. Buku lake la Chiswahili, Mzimu wa Watu wa Kale, linapambana mpikisano wa East African Literature Bureau ndipo linasindikizidwa mu 1960. Mutu wakewo ngakhale Mchewa akhoza kuumva. Mtembo upezeka pamalo opatulika pamene anthu amaopa chifukwa cha mizimu, ndipo Bwana Msa, munthu wodekha wosuta kaliwo, alondola mapazi ndi zizindikiro zina mpaka apeza kuti ndi ntchito ya manja a munthu. Anatsatira ndi Kisima cha Giningi mu 1968 ndi ena, mpaka Kosa la Bwana Msa mu 1984. Akatswiri ena ankati Bwana Msa ndi Holmes wovala mkanjo chabe, koma owerenga wamba anamulandira ngati wawo.

Ku Botswana kuli Mma Precious Ramotswe, amene anamulenga ndi Alexander McCall Smith, mzungu wobadwira ku Bulawayo mu 1948. Buku loyamba, The No. 1 Ladies' Detective Agency, linatuluka mu 1998 ndipo otsatira ake apitirira 20. Mma Ramotswe ndi mayi wonenepa bwino, wokonda tiyi, wothetsa milandu ya amuna osowa ndi antchito akuba. M'buku loyambalo muli nkhani ya mnyamata wobedwa ndi anthu ofuna zizimba, ndipo apezeka wamoyo. Koma zenizeni zinali zowawa. Mu 1994 mtsikana wa zaka 14, Segametsi Mogomotsi, anaphedwa ku Mochudi ziwalo zina zitachotsedwa, ndipo mu 1995 ana asukulu anachita zionetsero zazikulu poona kuti palibe amene walangidwa. Unity Dow, amene anali woweruza ku khoti lalikulu la dzikolo, analemba The Screaming of the Innocent mu 2002 pa nkhani ya mtundu womwewo, ndipo buku lake silitonthoza aliyense. Owerenga amagawanika pamenepa. Ena amayamikira McCall Smith kuti anaonetsa Africa wa ulemu ndi nthabwala, wosiyana ndi wa nkhondo ndi njala wa m'manyuzipepala. Ena amati anathira shuga wambiri pa zinthu zimene anthu akulira nazo. Mkangano umenewu ndi wathunso.

Funso lakale la kwathu

Kwathu kuno kufufuza imfa kunalipo mabuku asanabwere. Munthu akamwalira mosadziwika bwino, abale ankapita kwa woombeza ula kukafunsa chimene chadya munthu. Dzina likatuluka, woganiziridwayo ankamwetsedwa mwavi, wochokera ku khungwa la mtengo wa poizoni. Akasanza ndiye kuti ndi wosalakwa, akafa ndiye kuti inali mfiti. Zimenezi zinkachitika kwa Achewa, kwa Amang'anja ndiponso kuno kwa Angoni a kwa Gomani. Panalinso bwalo la amfumu, kumene mboni zinkafunsidwa ndipo nduna zinkasanthula mawu a munthu mpaka bodza litaonekera. Choncho makolo athu anali ndi njira ziwiri, ya ula ndi ya umboni, ndipo zonse zinkayendera limodzi.

Katswiri wina, Max Marwick, anakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, ndipo mu 1965 anatulutsa buku lotchedwa Sorcery in its Social Setting. Anapeza kuti kawirikawiri woganiziridwa ufiti sakhala mlendo. Amakhala wachibale wa mbumba yomweyo, amene pali kale mkangano wa munda, ng'ombe, chuma chamasiye kapena ufumu. Mukaonetsetsa, mudzi wa Marwick ndi mudzi wa Miss Marple ndi ofanana: anthu ochepa odziwana, chidani chobisika, ndi imfa imene yautsa zonse. Kusiyana kwake n'kwakuti ku St Mary Mead woganiziridwa amadikira umboni, pamene kwathu ankamwa mwavi.

Mu 1911 boma la atsamunda la Nyasaland linakhazikitsa lamulo la za ufiti. Linaletsa mwavi, linaletsa ntchito yosaka mfiti, linaletsa kudzitcha mfiti, ndiponso linaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti pokhapokha ngati ukukanena kwa apolisi, kukhoti kapena kwa mfumu. Anthu ambiri anaona ngati boma likuikira mfiti kumbuyo. N'chifukwa chake cha m'ma 1933 ndi 1934 kunabuka Mchape, gulu la anyamata ochokera ku Mulanje oyenda ndi kalilole ndi mankhwala ofiira, omwetsa midzi yathunthu ndi kutolera nyanga. Mchape anafika mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Tanganyika. Kumpoto kunadzatchuka Chikanga wa ku Rumphi m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, amene anthu ankamulondola kuchokera m'maiko oyandikana nafe. Mwa njira ina, amenewa ndiwo anali atekitivi a anthu wamba pa nthawiyo.

Mabuku oyamba a Chinyanja anabadwira pakati pa zimenezi. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo, amene anapambana mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, n'kutuluka mu 1933. Thomas Cullen Young anamumasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa. Inu nonse amene munalemba mayeso a Chichewa mukumudziwa Nthondo, mwana wovuta amene anadzakhala mfumu n'kutembenuka mtima. Nthara anajambula bwino moyo wa pamudzi ndi zikhulupiriro zake, koma cholinga cha bukulo chinali kuonetsa ulendo wochoka ku zakale kupita ku Chikhristu. Osindikiza a nthawiyo anali amishoni, ndipo kuyambira 1948 panalinso bungwe la boma losindikiza mabuku a Northern Rhodesia ndi Nyasaland limene linali ku Lusaka. Onsewa ankafuna mabuku a kusukulu, a mwambo ndi a chilangizo. Nthano yongosangalatsa, yoti mzimu ukhale bwenzi la mpangankhani, inalibe khomo lolowera.

Komabe nthano imodzi inadutsa, ndipo ine ndimaitcha gogo wa nthano zonse za chinsinsi m'Chichewa. Ndi Sikusinja ndi Gwenembe, imene John W. Gwengwe anailemba kuchokera ku nthano ya makolo. Mbale apha mbale wake panjira chifukwa cha katundu, n'kuganiza kuti palibe waona. Koma mbalame imutsatira ikuimba zimene zachitika mpaka kumudzi, ndipo chinsinsi chiululika.  Onani mmene nthanoyi inapangidwira. Mbalameyo ikuimba za mlandu umene unachitikadi, umene ife omvera tauona ndi maso athu. Wakuphayo wabwera ndi katundu wa malemu, ndipo wapaulendo mnzake sakuoneka. Mbalame ingotsegula makutu a anthu, umboni uli kale poyera. Makolo anati mlandu suola, ndipo nthanoyi ikuphunzitsa zomwezo popanda kunamizira wosalakwa.

Nthawi ya chipani chimodzi

Chaka cha 1968 chili ndi zinthu zitatu zokhudza nkhani yathu. Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko. Lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo linakhazikitsidwa, ndipo bungwe lake linkatha kuletsa buku lililonse. Chaka chomwecho kunayamba kuphedwa kwa anthu usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, ndipo pofika 1970 anthu oposa 30 anali ataphedwa. Mphekesera zinali ponseponse, zina zonena kuti magazi a anthuwo akutumizidwa ku South Africa kukabweza ngongole. Khoti lalikulu litamasula anthu amene anayamba kuimbidwa mlanduwo, mu 1969 boma linapatsa makhoti a mafumu mphamvu yoweruza milandu ya kupha, kumene maloya sankaloledwa. Mu 1970 anagwidwa Walla Laini Kawisa, amene anaweruzidwa kuti aphedwe, ngakhale anthu ambiri sanakhulupirire kuti ankachita yekha. Tsono taganizani mlembi wa nthawi imeneyo. Nthano ya tekitivi imafuna munthu wamba wochenjera kuposa apolisi, wofunsa mafunso amene akuluakulu sakufuna kuti afunsidwe. M'dziko limene Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndani akanalimba mtima kulenga munthu wotere?

Izi sizitanthauza kuti anthu sankawerenga. M'zaka za m'ma 1970 a Popular Publications, ogwirizana ndi Montfort Press ya Akatolika ku Limbe, anayamba mndandanda wa Malawian Writers Series. Dzina la Montfort si lachilendo kwa ife a ku Ntcheu, pajatu ansembe a chipani chimenechi anayambira ntchito yawo ku Nzama mu 1901. M'zaka zimenezo ndi zotsatira zake tinalandira mabuku monga Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata a Jolly Max Ntaba, komanso Madzi Akatayika ndi Njala Bwana a Willie Zingani. Aubrey Kalitera, atatulutsa A Taste of Business ku Nairobi mu 1976, anayamba kudzisindikizira yekha mabuku ku Blantyre pa dzina la Power Pen Books. Kuchokera kunja kunabwera ma Pacesetters a Macmillan, amene anayamba mu 1977 n'kupitirira mabuku 100, ndipo Mmalawi mnzathu Dede Kamkondo analembamo Truth Will Out. Onjezanipo James Hadley Chase, Nancy Drew, Hardy Boys ndi Famous Five.

Amene tinali ku sekondale m'zaka za m'ma 1990 tikukumbuka mmene maganizo a owerenga ankayendera. Buku labwino unkalidziwa ndi maonekedwe ake: chikuto chinathothoka kalekale, masamba akuda ndi thukuta, lamatidwa ndi selotepi, ndipo pali mzere wa anthu 10 olidikira. Buku losakoma linkakhala latsopano pa shelefu mpaka chiswe chitalipeza. Vuto linali lakuti mavoti amenewa sankafika kwa osindikiza. Buku limodzi lowerengedwa ndi hostelo yonse, kwa wosindikiza ndi buku limodzi logulidwa. Phindu linali m'mabuku a pa silabasi, ndipo mlembi wa Chichewa akatulutsa nthano imodzi, panalibe chomukakamiza kulemba yachiwiri ya mpangankhani yemweyo. Doyle anakakamizidwa ndi anthu ogula magazini mwezi ndi mwezi. Ntaba ndi Zingani anali ndi owerenga ambiri obwerekana, ogula ochepa.

Njala ya nkhani zodabwitsa inakathera kwina. Ufulu wolankhula utabwera mu 1994, wailesi ya MBC inadzayamba pulogalamu ya Nkhani za M'maboma, youlutsa zimene omvera eni ake atumiza: ndege za ufiti zogwa pabwalo, afisi otumidwa, anthu osanduka ndondocha m'chigayo. Harri Englund anaifufuza pulogalamuyi n'kulemba buku lotchedwa Human Rights and African Airwaves mu 2011. Iye anaonetsa kuti zambiri mwa nkhanizo zinkadzudzula mafumu, mabwana, abusa ngakhale ife aphunzitsi tikamapondereza anthu. M'mavidiyo sho a m'misika monga wathu uno munadzaza mafilimu a ku Nigeria, amene anatchuka kuyambira pa Living in Bondage wa 1992, nkhani ya munthu wopereka mkazi wake nsembe kuti alemere. Nkhani zonsezi zili ndi mizimu ndi matsenga, koma mulibe wofufuza. Wolakwa amadziwika kudzera m'maloto, kwa sing'anga kapena m'pemphero, basi nkhani yatha.

Zimene owerenga athu amanena

Pa zaka zimene ndaphunzitsa, ndamva maganizo a mitundu inayi, m'kalasi ndi m'stafu rumu momwe. Gulu loyamba limafuna kuti mzimu ukhale weniweni. Iwowa akawerenga za galu wa Baskerville amakhumudwa pomaliza, amati mlembi wawanyenga, ndipo ena amanena mosabisa kuti mzungu sadziwa za kuno. Gulu lachiwiri, limene mumachuluka okonda sayansi ndi masamu, limasangalala chinyengo chikaululika. Kwa iwowa kukoma kwa nthano ndi kupikisana ndi tekitivi, kuona ngati ungatulukire wolakwa usanafike tsamba lomaliza. Iwo ndi ana a Knox ngakhale sanamvepo dzina lake.

Gulu lachitatu ndi la makolo ndi anzathu ena opemphera kwambiri, amene amati buku lililonse lokhala ndi mzimu wabwino likuphunzitsa ana kucheza ndi ziwanda. Nkhawa yawo ndimailemekeza, ngakhale ndimawakumbutsa kuti Macbeth, amene wakhala pa silabasi ya MSCE, ali ndi mfiti zitatu ndi mzukwa wa Banquo, ndipo ana amatulukamo atamvetsa kuipa kwa dyera. Gulu lachinayi, limene ndaona kuti mumachuluka atsikana, silisamala kwenikweni za mzimu kapena za wakupha. Iwo amabwerera ku buku lachiwiri ndi lachitatu chifukwa akufuna kudziwa ngati Mma Ramotswe akwatiwe ndi makaniko uja, ndiponso ngati mlembi wake wa mu ofesi apeze mwamuna. Osindikiza a kunja amalidziwa bwino gulu limeneli, ndipo ndilo limasunga mndandanda wa mabuku kwa zaka 20.

Chimene chili pachiswe

Mayi wa ku England kapena ku America akamawerenga za mzimu wa Aunt Dimity amamwetulira, chifukwa m'mudzi mwake palibe amene adzagendedwe mawa chifukwa cha nkhaniyo. Kwathu zinthu sizili choncho. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre, anthu angapo osalakwa anaphedwa ndipo apolisi anamanga anthu oposa 100. George Thindwa ndi bungwe lake la Association for Secular Humanism anagwira ntchito yotulutsa m'ndende agogo amene anamangidwa pa milandu ya ufiti. Mu 2009 a Law Commission anayamba kuunikanso lamulo lija la 1911, ndipo mkangano wake unatenga zaka zambiri. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Zonsezi zikusonyeza kuti funso lakuti wachita ndani, kwathu kuno likayankhidwa molakwika, munthu amafa.

Apa ndi pamene ndikubwerera kwa gogo uja ndinati mumukumbukire. Miss Marple ndi nkhalamba yosakwatiwa, yopanda mwana, yokhala yokha, yodziwa zinsinsi za mudzi wonse. Mayi wotere m'midzi yathu yambiri ndiye amayamba kulozedwa chala mwana akadwala. Christie anatenga munthu ameneyu n'kumupatsa nzeru zoposa za apolisi. Ngati mmodzi wa inu adzalembe mabuku oterewa m'Chichewa, ndikupempha kuti ayambire pomwepa. Tekitivi wathu akhale gogo wa kuno, wogulitsa thobwa kapena zitumbuwa pa tsiku la msika, amene aliyense amamuuza zakukhosi chifukwa amamuyesa wosamva bwino. Mbuzi zikasowa, ndalama za banki m'khonde zikachepa, nkhokwe ikapsa usiku, kapena wina akadwala mwadzidzidzi anthu n'kuyamba kunong'ona dzina la mayi wamasiye, gogoyo aziyenda pang'onopang'ono ndi ndodo yake, kufunsa amene anagula mankhwala a mbozi sabata yatha, kuona kumene mapazi alowera, kukumbukira mkangano wa malire a munda wa zaka 10 zapitazo.

Nanga mzimu? Sindikuti tiuthamangitse monga anachitira Knox, chifukwa gulu loyamba lija lidzatseka buku, ndiponso moyo wathu uli ndi maloto, nsembe ndi malemu amene timawatchula tsiku ndi tsiku. Malemu mwamuna wa gogoyo akhoza kumabwera kumaloto, kumuseka, kumukumbutsa mwambi, kumulimbitsa mtima. Koma atsatire lamulo la mbalame ya Sikusinja: mzimu uzidzutsa chidwi, umboni ndiwo uzigamula. Dzina la wolakwa lisatuluke m'maloto kapena mu ula. Lituluke pabwalo la amfumu, pamaso pa mboni, ndi zinthu zimene wowerenga naye anaziona m'mitu yam'mbuyo. Mwana amene wawerenga mabuku 5 otere adzakhala atazolowera kufunsa kuti umboni uli kuti, ndipo tsiku lina khamu likadzanyamula miyala, mwina iye ndiye adzafunse funsolo mokweza.

Anzanga aphunzitsi, mbali yathu ilipo. Pophunzitsa Nthondo kapena Macbeth, tiziwafunsa ana kuti mpangankhani wadziwa bwanji chimene akunenacho, ndipo akanakhala woweruza akanachilandira kapena ayi. Pa kalabu ya olemba tiziwapatsa ntchito yolemba nkhani ya masamba atatu ya chinthu chosowa pasukulu, yokhala ndi oganiziridwa atatu ndi zizindikiro zoonekera, kenaka anzawo ayesere kutulukira wolakwa nkhani isanathe. Ntchito imeneyi imaphunzitsa tsatanetsatane wa nkhani kuposa manotsi a pa bolodi. Inu ophunzira akale amene muli pa ntchito, mukapeza buku la Chichewa m'sitolo gulani awiri, limodzi lanu, lina la laibulale ya sukulu imene munaphunzira, chifukwa taona kuti wosindikiza amamva chilankhulo cha kugula. Ndipo amene mumalemba nkhani zotsatizana pa Facebook ndi pa WhatsApp, dziwani kuti muli pamalo pamene panali Doyle: owerenga anu amakuyankhani tsiku lomwelo. Amvereni akamapempha kuti mpangankhani abwerenso, koma akamapempha kuti gogo wa m'nkhani yanu apezeke mfiti kuti nkhani ikome, pamenepo limbani mtima mukane.